Tinawachinya kawiri, nanga bwanji ali pamwamba pathu?

Kalata ya sabata ino yachokera kutali. Mnyamata wina wakwathu amene akuphunzira pa yunivesite ina ku America analowa kalabu ya quiz bowl, mpikisano woyankha mafunso, chaka chatha, ndipo pano ali mu timu yoyamba ya pasukulupo. Walemba atapsa mtima. Akuti: "Teremu ino takumana ndi timu ina kawiri, ndipo maulendo onse awiri tinaichinya, 310–275 ndi 290–255. Mndandanda wa matimu 25 utatuluka, iwo ali pa nambala 14, ife pa 21. Anthu ovotawa amadziwana okhaokha. Kodi uku si kubera? Ndipo ngati mavoti ali okondera, bwanji osangosiyira masamu?"

Achimwene, kupsa mtima kwanu n'komveka, ndipo kukondera m'mavoti amenewa kumakhalapo ndithu. Koma zimene mwatiuzazi pazokha sizikusonyeza kuti wina wakuberani. Komanso kumene mukuloza chala si kumene matimu ngati yanu amapwetekera kawirikawiri.

Tiyambe tawatengako ena amene sanaonepo masewerawa. Matimu awiri a anthu anayianayi amakhala moyang'anizana, aliyense batani lili m'manja. Wowerenga amayamba ndi funso lotchedwa tossup, lomwe ndi ndime yaitali ndithu. Chiganizo choyamba chimakhala ndi mfundo zobisika zimene amadziwa katswiri yekha, kenako zimanka zipepuka mpaka kumapeto kumene ngakhale wa fomu 4 wowerenga bwino angayankhe. Aliyense akhoza kudina batani nthawi iliyonse, koma kunong'onezana n'koletsedwa. Mukakhoza, mapointi 10. Mukadula wowerenga pakamwa n'kulakwa, amakuchotserani 5, imene amaitcha neg, ndipo timu yanu yonse imakhala chete pa funso limenelo. M'mipikisano ina, mukakhoza funso lisanafike pa chizindikiro china chimene alembi anaika, mumalandira 15, ndiyo power. Timu imene yakhoza tossup imapatsidwa bonasi: mafunso atatu aafupi, lililonse mapointi 10, ndipo apa ndiye mumakambirana. Mutu wa bonasi sutsata mutu wa tossup. Mukhoza kudina pa funso la chemistry n'kulandira bonasi ya ndakatulo.

Gwero la zonsezi ndi pulogalamu ya College Bowl imene inayamba pa wailesi mu 1953, n'kupita pa kanema mu 1959. University Challenge ya ku Britain, ya 1962, ndi mphukira yake, ndipo amene amakumbukira Zain Africa Challenge, mmene munalinso mayunivesite a ku Malawi ndi Zambia, anaonako mtundu wake wa pa kanema. Koma masewero a m'makalasi Loweruka, amene inu mukuchita, ali makamaka m'manja mwa mabungwe awiri: ACF, ya 1991, ndi NAQT, ya 1996. Lililonse lili ndi chikho chake cha dziko lonse cha m'ma Epulo. Cha ACF ndi ACF Nationals, cha NAQT ndi ICT.

Mndandanda umene wakupsetsani mtimawo si wa bungwe lililonse mwa awiriwa. Ndi wa osewera eni ake. Munthu mmodzi wodzipereka amalengeza tsiku lotseka, ndipo osewera, alembi a mafunso ndi ena amene anasiya kusewera amatumiza matimu awo 25. Timu imene mwaiika pamwamba imalandira mapointi 25, yachiwiri 24, kutsika choncho mpaka yomaliza imene imalandira 1. Imene simunailembe, palibe. Kawerengedwe aka ndi komwe amagwiritsa ntchito atolankhani a bungwe la nkhani la Associated Press (AP) posanja matimu a mpira wa m'makoleji a ku America, ndipo ganizo lake ndi lakale: katswiri wa masamu wa ku France, Jean-Charles de Borda, analilongosola m'zaka za m'ma 1700. Kusiyana kwake n'kwakuti ku AP amavota ndi atolankhani, pamene kuno ovota ambiri ndi omwe aja munakhala nawo moyang'anizana Loweruka lapitali. Mndandandawu supereka chikho, supereka malo ku ICT. Phindu lake ndi ulemu basi, ngakhale okonza mipikisano ena amauyang'anako pogawa matimu m'magulu.

Tsopano magemu anu awiri aja. Onse munapambana ndi mapointi 35. Tiyeni tione kuti 35 ndi chiyani pa masewera amenewa. Matimu a msinkhu wanu amatola mapointi 18 mpaka 20 pa bonasi iliyonse. Ndiye kuti tossup imodzi imabwera ndi pafupifupi 30: khumi a funsolo, makumi awiri a bonasi. Koma funso limenelo likadapita kwa anzanuwo, inu mukadatsika ndi 30, iwo n'kukwera ndi 30. Chala chimodzi chochedwa pang'ono pa batani chimatembenuza mapointi 60. Gemu ya 310–275 ikadatha 280–305 chifukwa cha funso limodzi mwa 20, ndipo mwina funsolo linali lija anthu awiri anadina pamodzi, makina n'kuyatsa nyale ya mmodzi. Kupambana n'kupambana, palibe angakulandeni. Koma wovota amene wakhala m'masewerawa zaka zingapo akaona 35 amati matimuwa ndi ofanana mphamvu, ndipo paketi ya tsiku limenelo, kutanthauza mafunso onse a gemuyo, inakomera uyu.

Nkhani ya paketi si yonamizira. Ku ACF, mwa ma tossup 20, anayi ndi a mabuku, anayi a mbiri yakale, anayi a sayansi, otsalawo ndi a luso, zipembedzo, nthano za milungu, filosofi ndi zina. Chiwerengero sichisintha, koma zam'kati zimasintha. Paketi ina mafunso a mbiri amagwera ku Ulaya kumene mnzanu wa mbiri ndi dolo, ina amagwera ku China wakale kumene sadziwako kanthu.

Pali mafunso awiri amene kalata yanu sinayankhe, ndipo ndi amene wovota amayamba kufunsa. Loyamba, pa mipando ya anzanuwo panakhala ndani? Matimu a m'makoleji sasewera athunthu kawirikawiri. Wina ali ndi mayeso, wina akulemba thesisi, wina ndi mlembi wa mafunso omwewo ndiye saloledwa kusewera. Sukulu zina zimagawa dala akatswiri awo m'matimu awiri kuti atsopano aphunzire. Dzina pa pepala la zotsatira limakhala lomwelo, anthu ake ena. Ngati tsiku limenelo kunalibe munthu wawo wa sayansi, munamenya timu yopanda mwendo umodzi. Lachiwiri, anali mafunso a msinkhu wanji? ACF Fall ndi ya ongoyamba kumene, ndipo akatswiri ambiri sapitako n'komwe. ACF Regionals ya m'ma Januwale ndi yolimba. Nationals ndi phiri lina. Pa mafunso osavuta aliyense amadziwa yankho pofika pakati pa ndime, ndiye chimapambanitsa ndi liwiro la chala. Pa ovuta, amene anawerengadi buku lonse ndi amene amadya, ndipo timu yothamanga ija imangokhala manja lende kudikira chiganizo chomaliza.

Onjezaninso ichi: nthawi zambiri zotsatira zimazungulira. Inu mwachinya aja, aja achinya ena, enawo anakuchinyani inu mwezi watha. Pa mndandanda uliwonse pamakhala timu imene ili pansi pa ina yomwe inaigonjetsapo. Palibe kasanjidwe kangathetse zimenezi.

Koma muzu wa mikangano yambiri uli pena, ndipo anthu amautchula mochedwa, atatukwanizana kale. Ovota sayankha funso limodzi. Wina amasanja molingana ndi zimene timu yachita chiyambire chaka: yapambana mipikisano ingati, yachinya ndani. Wina amafunsa kuti timu iliyonse itabweretsa anthu ake anayi abwino koposa ku Nationals mu Epulo, ingathere pati. Wachitatu amatenga zonse ziwiri n'kuphatikiza mwa mtima wake. Kwa woyambayo, magemu anu awiri ndi umboni wolemera. Kwa wachiwiri, ndi nkhani yapambali, chifukwa akuyeza timu imene mwina sinakhalepo pamodzi chaka chino. Onse awiri ndi oona mtima. Mukaphatikiza mavoti awo mumapeza nambala imene sikuyankha funso la aliyense, ngati kuti mwasakaniza kulemera kwa matumba ndi kutalika kwake n'kutenga avereji. Ndiye inu mukaona 21 mumawerenga kuti "ntchito yathu ya teremu ino aipeputsa", pamene theka la ovota ankanena kuti "mu Epulo tikuona ngati athera cha apa".

Ngakhale mawu akuti "mu Epulo" ali ndi mphanda. ICT ndi ACF Nationals ndi masewero apachibale koma osafanana. Mafunso a NAQT ndi aafupi, ali ndi ma power, mwamwambo wawo amaseweredwa ndi wotchi, ndipo muli zambiri za jogalafe, nkhani zongochitika kumene, zamasewero ndi zosangalatsa. A ACF ndi aatali, alibe power, alibe wotchi, ndipo amatsamira kwambiri ku za m'kalasi. Taonani zaka zisanu zotsatizana. Mu 2015 ICT inapita ku Virginia, Nationals ku Penn. Mu 2016 Chicago ndi Michigan. Mu 2017 Michigan ndi Maryland. Mu 2018 Yale ndi Chicago. Mu 2019 Yale ndi Columbia. Chaka chilichonse akatswiri awiri osiyana, zikho zake zotalikirana masabata ochepa chabe. Ngati mipikisano yeniyeni, ya mabatani ndi mapepala, imalephera kugwirizana za nambala 1, musadabwe anthu makumi awiri akasemphana za nambala 14 ndi 21.

Tibwere ku kukondera kwenikweni. Apa masamu ake ndi osavuta, ndipo amasonyeza chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Tiyerekeze kuti ovota alipo 20. Kukwera malo amodzi pa mndandanda kumafuna mapointi pafupifupi 20, chifukwa ndi ngati wovota aliyense wakukwezani kamodzi. Tsopano wina wavotera timu yake yomwe. Anzake onse akuiika pa 12, iye waiika pa 3. Waonjezera mapointi 9 okha, osafika theka la malo amodzi. N'zochititsa manyazi, koma sizisuntha kanthu. Tsono tengani wovota wina wopanda njiru iliyonse, amene walemba mndandanda wake pakati pa usiku, tsiku lotseka litakwana, n'kuiwala kuti timu ya pa 12 ija iliko. Waichotsera mapointi 14. Oiwala akakhala awiri, 28, ndipo timuyo yatsika malo amodzi kapena awiri, popeza pakati pa mndandanda matimu amakhala othithikana. Kuiwala kumapweteka kuposa kukondera. Ndipo amene amaiwalidwa si Chicago kapena Yale. Ndi timu yangobwera kumene, ya sukulu yopanda mbiri m'masewerawa, ngati yanuyo.

Chiwerengero cha ovota chimasintha nkhani yonse. Akakhala 8 okha, malo amodzi ndi mapointi 8, ndipo wokondera uja ndi mapointi ake 9 wakweza timu yake ndi dzanja limodzi. Choncho musanakwiye, onani kaye kuti anavota ndi angati.

Kukondera kwina sikuchokera mumtima woipa koma m'maso. Kumpoto chakum'mawa kwa America ndi chigawo cha pakati chozungulira Chicago kuli matimu ambiri oyandikana, amakumana mwezi ndi mwezi, ndipo ovota ambiri amachokera komweko. Matimu a ku California, a ku Canada monga Toronto ndi McGill, ndi a ku Britain monga Oxford ndi Cambridge amasewera mafunso omwewo koma kwawo, pa zimene amati mirror, ndipo ena amaonana nawo maso ndi maso mu Epulo basi. Wovota amadziwa bwino matimu khumi kapena khumi ndi awiri. Otsalawo amalemba mwa kumva, ndipo paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Palinso mbiri. Mnyamata amene anatchuka ku sekondale amakweza timu yake pa mndandanda asanadine batani ngakhale kamodzi ku koleji. Ndipo mndandanda woyamba wa chaka, umene umalembedwa gemu isanaseweredwe ndi imodzi yomwe, umakhala ngati chikhomo. Ovota ambiri pa ulendo wachiwiri amatsegula wakalewo n'kumasuntha matimu malo awiri kapena atatu. Timu imene inayamba kunja kwa 25 imayenera kuchita zodabwitsa kuti ifike pa 14, pamene imene inayamba pa 12 imangofunika kusachita zamanyazi. Tikukayikira kuti ichi ndiye chakugwerani.

Madandaulo ena amene mudzamve ndi a ophunzira a masters ndi PhD. Mu Division I, gulu lapamwamba, amaloledwa, ndipo munthu amene wasewera zaka zisanu ndi zitatu amakhala moyang'anizana ndi wa chaka chachiwiri. N'chifukwa chake zikho zonse ziwiri zimapatula ulemu wa timu yabwino ya ophunzira a digiri yoyamba okhaokha, komanso wa Division II, gulu la osewera atsopano. Mndandanda wa mavoti nthawi zambiri umawaika onse mumphika umodzi. Umalolanso timu B ya sukulu yamphamvu, imene imatha kukhala pamwamba pa matimu A ambiri. Ena amati uku n'kudya malo a anzawo. Ife tikuona kuti ngati timu B imawachinyadi, malowo ndi ake.

Nanga masamu, monga mwafunsira? Nambala imene anthu amaidalira kwambiri ndi PPB, mapointi pa bonasi iliyonse. Mwamva mabonasi 12, mwatola 228, PPB yanu ndi 19. Ubwino wake ndi wakuti pa bonasi mdani sakusokonezani, muli nokha ndi funso. Choncho timu ya ku Toronto ndi ya ku Texas zikasewera mafunso omwewo, PPB zawo zikhoza kuyerekezedwa ngakhale sizinaonane. Alembi amakonza bonasi kuti ikhale ndi gawo losavuta, lapakati ndi lovuta, ndiye PPB ya 10 ikutanthauza kuti mukutola zosavuta zokha, 20 mukutola ziwiri, ndipo kupitirira apo mwayamba kuthyola zovuta. Umboni wake ndi wochulukanso. Mpikisano wa magemu khumi umakupatsani mabonasi oposa 100, kutanthauza mafunso oposa 300. Yerekezani ndi ma tossup 40 a magemu anu awiri. Ngati anzanu a pa 14 aja ali ndi PPB yoposa yanu ndi mapointi awiri kapena atatu pa mafunso omwewo, mlandu wanu wafooka kwambiri. Ngati muli ofanana, kapena inu muli pamwamba, ndiye muli ndi pogwira.

Vuto limayamba mafunso akakhala osiyana. 21 ya pa ACF Fall si 21 ya pa Regionals. Okonda masamu amakonza motere: amafufuza matimu amene anasewera mipikisano yonse iwiri ndi anthu omwewo, n'kuona kusiyana kwa avereji yawo. Tiyerekeze matimu asanu ndi limodzi anapeza 21.5 pa wosavuta ndi 16 pa wovuta. Kusiyana ndi 5.5, ndiye aliyense amene anasewera wosavuta yekha amamuchotsera 5.5. Pa pepala n'zokongola. Koma matimu a anthu omwewo amasowa, nthawi zina amapezeka atatu okha, ndipo nambala yochokera pa atatu imagwedezeka. Kusiyanako sikukhalanso kofanana kwa onse: timu yamphamvu pa mafunso osavuta imagunda denga la 30 ndipo mphamvu yake yeniyeni siioneka, pamene timu yapakati mafunso akalimba imagwa kuposa avereji. Pakati pa Okutobala ndi Januwale anthu amakhalanso akuwerenga, ndiye gawo lina la kusiyanako ndi kukula kwa osewera, osati kulimba kwa mafunso. Ndipo PPB siidziwa za batani. Ilipo timu ya anthu odziwa zambiri koma amantha, amadikira chiganizo chomaliza, mdani n'kuwalanda mafunso 13 mwa 20. Bonasi imene simunaimve siikupatsani kanthu.

Ma power amathandiza kuona amene amadziwa mozama, koma amadalira mdani, chifukwa funso limene mnzanu wadina msanga inu simulifikira, ndiponso ku ACF kulibe. Mapointi pa gemu ndiye osathandiza konse poyerekeza zigawo: timu yabwino pakati pa ofooka imaunjika 450 tsiku lonse, ina yofanana nayo pakati pa zimphona imapeza 280. Ena amayesa njira ya Elo, ya ku chess, imene imakweza kapena kutsitsa nambala yanu molingana ndi mphamvu ya amene mwamuchinya. Elo imafuna magemu ambiri olumikiza aliyense, ndi wosewera amene sasintha nkhope. Kuno zigawo zili ngati zilumba, ndipo timu ya dzina limodzi imasintha anthu sabata ndi sabata.

Pamene pali malo enieni oti agawidwe, mabungwe sagwiritsa ntchito mavoti. NAQT imachititsa mipikisano ya zigawo, SCT, mu Febuluwale. Opambana amalowa ICT mwachindunji, ndipo malo otsala mwa 32 a Division I amaperekedwa potsata nambala yotchedwa D-value. Ganizo lake ndi kuyerekeza mapointi amene timu ingapeze pa ma tossup 20 itakumana ndi mdani wapakatikati: amatenga mmene munachitira pa ma tossup, n'kukonza molingana ndi mphamvu ya adani amene munakumana nawo, n'kuphatikiza ndi PPB yanu. Muli lamulo loti timu isadumphe ina imene inathera pamwamba pake m'chigawo chomwecho. ACF ili ndi yake yofanana nayo, A-value, yochokera pa Regionals. Kodi madandaulo anatha? Ayi. Zonse zimatsamira pa Loweruka limodzi, ndipo katswiri wanu akadwala chimfine tsiku limenelo, masamu samva chisoni. A m'zigawo zolimba amati kukonza kwake n'kochepa, a m'zigawo zofooka amati akulangidwa chifukwa cha adani amene sanawasankhe. Chabwino chake n'chakuti njirayo ndi yolembedwa poyera tsiku lisanafike, ndipo aliyense akhoza kutenga kakyuleta n'kuitsimikiza.

Mpira wa m'makoleji unadutsa momwemu. Kuyambira 1998 mpaka 2013, dongosolo la BCS linkaphatikiza mavoti a anthu ndi makompyuta posankha matimu awiri a fainolo. Makompyuta akasemphana ndi anthu, ankasintha masamu. Mu 2002 anachotsamo kukula kwa chipambano poopa kuti matimu azichinya anzawo mopanda chisoni. Itatha sizoni ya 2004, AP inati mavoti ake asagwiritsidwenso ntchito. Pomaliza anapereka ntchitoyo ku komiti ya anthu. Ndalama zinali mamiliyoni, akatswiri a masamu analipo, koma mkangano sunathe.

Ndipo nambala nazo zimakhala zoona pokhapokha masewero ake ali oona. Mu 2013 NAQT inalanda Harvard zikho zinayi za pakati pa 2009 ndi 2011, itapeza kuti wosewera wina amene analinso mlembi wawo ankatsegula masamba a pa intaneti oonetsa chiyambi cha mafunso a mpikisano. Chikho cha Division I cha 2011 chinapita ku Minnesota. Kubera kwenikweni kumaoneka choncho, ndipo panali umboni wa m'makompyuta. Mawu amenewa muziwasunga, musawamwaze pa mndandanda wa ulemu chabe.

Zimene mungapemphe kwa woyendetsa mavoti zilipo, ndipo si zodula. Chachikulu n'chakuti alembe funso limodzi pamwamba pa chilengezo, mwachitsanzo: timu yathunthu, mafunso a msinkhu wa Nationals, ndani angachinye ndani lero. Ngakhale funsolo lisakukomereni, bola onse akuyankha limodzi. Atumizenso kwa ovota mndandanda wa matimu 40 kapena 50 oyenera kuganiziridwa, ndi mayina a osewera ake ndi PPB ya mpikisano uliwonse. Ichi chokha chimachiza matenda a kuiwala aja. Mavoti onse aonekere poyera ndi dzina la mwini wake. Ngakhale makochi a mpira wa m'makoleji anayamba kuulula mavoti awo omaliza mu 2005, atapanikizidwa. Munthu akadziwa kuti adzafunsidwa chifukwa chimene waikira timu yake pa 3, dzanja limanjenjemera. Ena amaopa kuti kuulula kumachititsa ovota kutsata gulu poopa kunyozedwa, ndipo n'zoona pang'ono, koma m'mudzi waung'ono chonchi chinsinsi chimabala miseche yoposa pamenepo.

Pa kawerengedwe, pali mankhwala awiri. Oyamba ndi kutaya voti yapamwamba kwambiri ndi yapansi kwambiri ya timu iliyonse musanaphatikize. Achiwiri ndi kutenga voti yapakati m'malo mwa avereji. Timu yalandira 11, 12, 12, 13, ndipo wachisanu waiiwala, tiziti 26. Avereji ndi 14.8, yapakati ndi 12. Woiwala uja mphamvu zamuthera, wokondera nayenso chimodzimodzi. Kuletsa munthu kuvotera timu yake kumamveka bwino koma kumabala vuto lina: timu ya ovota atatu imataya mavoti atatu, ndiye muyenera kugawa mapointi ake ndi chiwerengero cha ololedwa kuivotera, apo ayi mwailanga chifukwa chodzipereka. Ndipo wokondera wochenjera sakweza timu yake, amatsitsa ya mdani.

Inuyo, achimwene, yambani ndi zotsatira za magemu awiri aja. Mapulogalamu amene okonza amagwiritsa ntchito, SQBS ndi YellowFruit, amasonyeza dzina la aliyense amene anakhala pampando gemu iliyonse, ndiye mudzaona ngati munachinya timu yathunthu. Ikani PPB yanu ndi yawo pambali pa mpikisano uliwonse umene nonse munasewera, ngakhale kumalo osiyana. Kenako, ngati mavoti anaululidwa, werengani amene sanakulembeni n'komwe. Mukapeza atatu kapena anayi, pamene ena onse akukuikani cha pa 16 kapena 17, 21 yanuyo yachokera pamenepo. Alembereni mwaulemu voti yotsatira isanatseke, muwapatse mayina a anthu anu anayi ndi manambala anu, ndipo wina wa m'kalabu yanu atumizeko voti yake, popeza nthawi zambiri khomo limakhala lotsegukira aliyense wotsata masewerawa. Ndipo uzani anzanu atatuwo kuti Loweruka la Regionals mu Januwale ndi la SCT mu Febuluwale asaikepo ulendo wina uliwonse.